Thukuta la mamiliyoni: mmene jezi yovalidwa pabwalo inasandukira chuma

Mu Ogasiti 2024, kampani ya Heritage Auctions ya mumzinda wa Dallas ku America inagulitsa pa okushoni malaya akale otuwa pa mtengo wa $24.12 miliyoni. Pachifuwa pake panalembedwa NEW YORK, kumsana kuli nambala 3. Ogulitsawo anati ndi jezi yomwe Babe Ruth, katswiri wa baseball wa New York Yankees, anavala pa 1 Okutobala 1932 pa bwalo la Wrigley Field ku Chicago, tsiku lomwe amati analoza komwe amenyere mpira, n'kuumenyeradi komweko. Jezi yomweyi inagulidwa $940,000 m'chaka cha 2005. Nsalu yake ndi yomwe ija, mabatani ndi omwe aja. Chomwe chinawonjezekapo pa zaka 19 zimenezi ndi umboni wa zithunzi.

Kwa Mmalawi wa ku Joni, yemwe jezi amaidziwa kuti ndi ya Chiefs kapena ya Pirates yolendewera m'mashopu a mu Small Street, baseball imamveka ngati masewera a kutsidya kwa nyanja basi. Komatu ndi mlendo wakale mumzindawu. Inafika ndi Amereka omwe anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya golide cha m'ma 1890, ndipo makalabu ake alipo mpaka lero. Pa kalabu ya Randburg Mets ndi pomwe anakulira Gift Ngoepe, m'kachipinda komata ku nyumba ya kalabuyo, komwe mayi ake ankagwira ntchito. Pa 26 Epulo 2017 mnyamatayu analowa m'bwalo atavala jezi ya Pittsburgh Pirates, n'kukhala munthu woyamba wa ku South Africa kusewera mu ligi yaikulu ya Major League Baseball. Tayler Scott, wobadwira ku Johannesburg komweko, anatsatira m'chaka cha 2019 ku Seattle Mariners. Jezi ya Ngoepe ya tsiku limenelo ndi ya Ruth zatalikirana zaka 85, ndipo mbali yaikulu ya mbiri ya malondawa ili pakati pa ziwirizi.

M'nthawi ya Ruth jezi inali chovala chogwirira ntchito. Matimu akuluakulu a baseball akamaliza chaka, ankachotsa manambala ndi mayina pa mayunifomu n'kuwapereka ku matimu awo ang'onoang'ono, komwe ankawavala mpaka kutha. N'chifukwa chake majezi a m'ma 1920 ndi 1930 omwe anapulumuka ndi owerengeka. Nawo manambala ndi a m'mbuyo muno: Yankees inayamba kuwagwiritsa ntchito mokhazikika mu 1929, ndipo Ruth anapatsidwa 3 chifukwa chakuti ankakhala wachitatu pamzere womenya mpira. Ku South Africa nkhani inali yomweyo. Mtundu wobiriwira womwe timu ya rugby ya dzikoli imanyadira lero unachokera ku majezi obwereka: kaputeni Barry Heatlie anabweretsa a kalabu yake ya Old Diocesans ya ku Cape Town, ndipo kuyambira 1903 mtunduwo unakhazikika. Chizindikiro cha nswala ya springbok chinabwera mu 1906, pa ulendo wa ku Britain wotsogozedwa ndi Paul Roos.

Oyamba kusunga majezi anali osewera eni ake. M'chaka cha 1931 France itagonjetsa England 5-2 ku Colombes, osewera a France anapempha majezi a anzawowo kuti akhale chikumbutso, ndipo mwambo wosinthana unayambira pamenepo. Sikuti onse ankaukonda. Mu 1966 kochi wa England, Alf Ramsey, anathamangira m'bwalo kukagwira jezi ya George Cohen kuti asasinthane ndi wosewera wa Argentina. Patangotha zaka zinayi, chithunzi cha Pelé ndi Bobby Moore akusinthana majezi ku Mexico chinafalikira dziko lonse. Panthawiyo za mtengo kunalibe amene ankazilingalira. Jezi inkapita m'sutikesi, kenako m'kabati, mwina n'kupatsidwa kwa mphwake wa wosewerayo kuti azikankhira mpira pamsewu.

Ndalama zinayamba kulowa m'ma 1980 ndi 1990, ndipo zinabwera limodzi ndi akathyali. Barry Halper, mmodzi mwa eni a Yankees, anasonkhanitsa katundu wa baseball wochuluka kuposa wina aliyense m'nthawi yake. Sotheby's itagulitsa gawo lalikulu la katunduyo mu 1999, panapezeka ndalama zoposa $21 miliyoni. Zina zinapita ku nyumba yosungiramo mbiri ya baseball ku Cooperstown, kuphatikizapo jezi yomwe ankati anavala Joe Jackson wa Chicago White Sox mu 1919. Anthu anaiona pagalasi kwa zaka zingapo, akuigomera. Mu 2010 atayeza ulusi ndi utoto wa pa chizindikiro chake, anapeza zipangizo zomwe mu 1919 kunalibe. Jezi inali yabodza, ndipo inapusitsa akatswiri enieni a nkhanizi.

Cha m'nthawi ya okushoni ya Halper ija apolisi a FBI, pa kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, anagwira gulu lomwe linkasaina mayina a akatswiri pa mipira ndi zithunzi n'kumagulitsa m'dziko lonse la America. Akuluakulu a Major League Baseball anaona kuti msika ukufa, ndiye mu 2001 anakhazikitsa dongosolo lomwe likugwirabe ntchito. Pa masewera aliwonse pamakhala mboni, kawirikawiri wapolisi kapena yemwe anakhalapo wapolisi, yomwe ntchito yake ndi kuona ndi maso chinthu chikuchoka m'manja mwa wosewera. Ikachilandira imamatapo kachizindikiro konyezimira ka nambala yakeyake, komwe kamawonongeka munthu akayesa kukamatula. Wogula amalemba nambalayo pa intaneti n'kuona tsiku, bwalo ndi dzina la wosewera. Ngoepe anasewera m'nthawi ya mbonizi. Ruth anasewera kulibe zoterezi, ndipo jezi yake imafunika kuimbidwa mlandu ngati munthu.

Osunga majezi ali ndi magiredi awo, monga fodya ali nawo ku okushoni ku Kanengo. Pansi penipeni pali ya feki, yomwe ku Joni amati fong kong. Pamwamba pake pali yogula m'shopu ya kalabu, yeniyeni koma yosokedwa mazanamazana. Kenako pali yomwe inakonzedwera wosewera koma sanaivale, ndipo pamwamba pa zonse pali yomwe inalowa m'bwalo. Ngakhale pamenepo mafunso satha. Anavala ndani? Pa masewera ati? Chigawo choyamba kapena chachiwiri? Inachapidwa? Mayi wa pakhomo angadabwe kumva kuti kuchapa kumatsitsa mtengo: dothi la pabondo, udzu wa paphewa ndi banga la thukuta ndi gawo la umboni. Kampani ya MatchWornShirt ya ku Netherlands imagulitsa majezi osachapa masewera akangotha, ndipo kusachapako imachita kulengeza.

Johannesburg yapereka masiku akuluakulu ambiri a masewera, ndipo jezi yake yotchuka kuposa zonse imasokoneza magiredi onsewa. Pa 24 Juni 1995, pa bwalo la Ellis Park, Nelson Mandela anatulukira atavala jezi yobiriwira ya Springbok ya nambala 6, nambala ya kaputeni François Pienaar. Kwa anthu akuda ambiri nswala ija inali chizindikiro cha tsankho, moti kale akapita ku rugby ankachemerera timu yachilendo. Tsikulo South Africa inagonjetsa New Zealand 15-12, Joel Stransky atamenya mpira wopambanitsa m'nthawi yowonjezera. Pa malamulo a osunga majezi, ya Stransky ndiyo ya giredi yapamwamba, poti inalowa m'bwalo n'kugwira ntchito. Ya Mandela sinagwetsedwepo pansi ngakhale kamodzi. Koma palibe wogula wanzeru zake yemwe angaike ya Stransky patsogolo, ndipo apa m'pamene zimaonekera kuti chomwe anthu amalipira ndi nkhani yomwe jezi yanyamula. Miyezi isanu ndi iwiri itadutsa, pa 3 Febuluwale 1996, Mandela anavalanso jezi, ulendo uno ya Bafana Bafana, popereka chikho cha Africa kwa Neil Tovey pa bwalo la FNB, Mark Williams atamwetsa Tunisia zigoli ziwiri.

Chikho cha dziko lonse cha 2010 chinasiya chitsanzo china. Pa 11 Julayi, pa bwalo la Soccer City ku Johannesburg, Spain inasewera ndime yomaliza ndi Netherlands itavala majezi abuluu woderako, koma ponyamula chikho osewera anali atasintha n'kuvala ofiira okhala ndi nyenyezi. Wosewera aliyense anatuluka ndi majezi a mitundu iwiri usiku umodzi: ya thukuta, ndi ya pachithunzi chomwe dziko lonse limakumbukira. Andrés Iniesta anawonjezera yachitatu. Atagoletsa pa mphindi ya 116 anavula jezi, n'kuonetsa malaya amkati oyera olembedwa pamanja uthenga wokumbukira mnzake Dani Jarque, kaputeni wa Espanyol yemwe anamwalira mu 2009. Anapatsidwa khadi yachikasu chifukwa chovula. Malayawo sanawagulitse, anawapereka ku kalabu ya Espanyol.

Luso lomwe lakweza mitengo m'zaka zaposachedwa ndi lofananitsa jezi ndi zithunzi za tsiku la masewera. Katswiri amakulitsa chithunzi pa kompyuta n'kumayang'ana tinthu tomwe wosoka sangabwereze kawiri: pomwe mzere wa nsalu wadutsa pa msoko wa phewa, kupendekeka kwa chilembo poyerekeza ndi batani, kaulusi komasuka m'mphepete mwa baji. Jezi ya Diego Maradona ya pa 22 Juni 1986 ndiyo inaonetsa mphamvu ya lusoli. Masewera ndi England atayandikira, kochi wa Argentina, Carlos Bilardo, anaona kuti majezi abuluu a timu yake ndi olemera pa kutentha kwa Mexico City. Anatuma munthu m'mashopu, anagula ena opepuka, mabaji anasokedwa mothamanga, ndipo manambala asiliva omwe anamatidwa ndi simbi anali a mpira wa ku America. Masewera atatha Maradona anasinthana ndi Steve Hodge wa England, yemwe pambuyo pake anaibwereketsa ku National Football Museum kwa zaka pafupifupi 20. Mu 2022 Hodge ataiika pa okushoni ya Sotheby's, mwana wa Maradona, Dalma, anati imeneyo ndi ya chigawo choyamba, pomwe zigoli zonse ziwiri zomwe bambo akewo anagoletsa zinalowa m'chigawo chachiwiri. Sotheby's inayankha ndi lipoti la kampani ya Resolution Photomatching, ndipo kusoka kothamanga kuja ndiko kunathandiza, chifukwa baji iliyonse inakhala mosiyana ndi inzake. Jezi inagulidwa £7.14 miliyoni. Zaka 20 m'mbuyomo, ya Pelé ya ndime yomaliza ya 1970 inapita pa £157,750 ku Christie's.

Lusoli lili ndi malire ake. Pa jezi ya Ruth ija, makampani ena, monga MeiGray, anati ikugwirizana ndi zithunzi za masewerawo, koma Resolution yomwe ija inakana kutsimikiza. Zithunzi za 1932 n'zosaoneka bwino, ndipo akatswiri awiri akhoza kuyang'ana batani limodzi n'kugamula mosiyana. Wogula anamva zonsezi, analipirabe.

Ku South Africa kuli funso lina lomwe ku America silivuta kwenikweni: kodi chinthu choterechi chingatuluke m'dziko? Lamulo la 1999 loteteza chuma cha mbiri ya dziko limafuna chilolezo cha bungwe la SAHRA. Kampani ya Guernsey's ya ku New York itafuna kugulitsa katundu wa Mandela mu Januwale 2022, kuphatikizapo malaya ake amaluwamaluwa ndi kiyi yemwe ankati ndi wa chipinda chake cha ku ndende ya Robben Island, bungweli linaletsa. Mu Disembala 2023 khothi lalikulu la ku Pretoria linagamula mokomera ogulitsa, SAHRA inachita apilo, ndipo okushoni yomwe inakonzedwa mu Febuluwale 2024 inaimitsidwanso.

Nanga majezi a Amalawi omwe asewera m'mabwalo amenewa? Mndandanda wake ndi wautali: Patrick Mabedi, yemwe anakhala kaputeni wa Kaizer Chiefs, Esau Kanyenda ndi Russell Mwafulirwa ku Jomo Cosmos, Joseph Kamwendo, Chiukepo Msowoya ndi Gabadinho Mhango ku Orlando Pirates. Ernest Mtawali anasankhidwa kukhala wosewera wabwino kuposa onse m'dzikolo mu 1985 ali ku Bloemfontein Celtic, koma m'mabuku a chaka chimenecho analembedwa kuti Ernest Chirwali. Wofuna kutsimikiza jezi yake ya nthawi imeneyo ayenera kudziwa mayina onse awiri asanayambe n'komwe kufunafuna zithunzi. Vuto la majezi a kuno ndi lomwelo: kalata ya kalabu palibe, tsiku silinalembedwe, ndipo mwini wake amangoti anandipatsa yekha. Mawu otero amakwana pakati pa abale, koma wa okushoni amafuna pepala ndi chithunzi.

Za Gabadinho n'zosavuta kutsata, poti masewera ake ambiri anajambulidwa pa kanema. Mu ligi ya 2019/20 anagoletsa zigoli 16 ali ku Pirates, mofanana ndi Peter Shalulile wa Highlands Park, ndipo masewera omaliza a chaka chimenecho anaseweredwa m'mabwalo a ku Gauteng opanda ochemerera chifukwa cha Covid-19. Koma wodziwa msika angafunse kaye za jezi yake ya ku Bidvest Wits. Kalabu imeneyi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1921, inatenga ligi kamodzi kokha, mu 2016/17 pansi pa kochi Gavin Hunt, Gabadinho ali m'gululo. Mu 2020 eni ake anagulitsa malo a kalabuyo mu ligi kwa Tshakhuma Tsha Madzivhandila ya ku Limpopo, kutangotsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100.