Ndalama za ku Theba ndi Maanja Otsala Kumudzi

Amai anzanga, pa nthaŵi ya chikondwerero ngati ino timakonda kukumbukira aja anayamba ntchito imene ife tikupitiriza lero. Ochuluka mwa amai oyambawo ankasonkhana amuna ao palibe pakhomo, ali ku Johannesburg, kumene timangoti ku Joni, kapena ku Rhodesia kukafuna ndalama. Tsono nkoyenera kuti tidziŵe mbiri ya maulendo amenewo, zimene anabweretsa m'maanja ndiponso zimene anachotsamo, popeza funso limene agogo athu analimbana nalo likadafikabe pa makomo athu.

Chimene chinachotsa amuna pamudzi

Kale chuma cha munthu chinali nkhokwe, mbuzi, makasu ndi abale omuzungulira. Zinthu zinasintha dziko lino litaloŵa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891. Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anakhazikitsa msonkho, ndipo posakhalitsa nyumba iliyonse inayenera kupereka mashereni atatu pa chaka. Munthu wosoŵa msonkho ankathaŵa m'mudzi, ndipo nthaŵi zina asilikali ankagwira mkazi wake mpaka ndalamayo itapezeka. Ntchito za m'dziko muno, monga ya m'minda ya Azungu ndi ya mtengatenga, malipiro ake anali ochepa kwambiri, ndipo okhala pa malo a Azungu ankavutika ndi thangata.

Pa nthaŵi yomweyo kummwera kunali kutatseguka migodi. Golide anapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo ku Rhodesia nakonso migodi ndi mafamu ankafuna anthu. Anyamata anayamba kuyenda pansi masabata ambiri, kuoloka Zambezi, kudutsa m'nkhalango za mikango, ena osafika kumene ankapita. Eni migodi a ku Joni anapanga bungwe lolemba anthu ntchito lotchedwa WNLA, limene ife tinalitcha Wenela, ndipo dzinali lidakalipobe pa malo okwerera mabasi mu Blantyre. Anthu ochokera kuno anafa ambiri ndi chibayo chifukwa cha kuzizira, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko otentha. Chiletsocho chinakhala mpaka zaka za m'ma 1930, koma amuna sanaleke kupita paokha mozemba.

Machona

M'chaka cha 1935 boma la Nyasaland linasankha komiti yoti ifufuze za maulendoŵa, ndipo wapampando wake anali Travers Lacey. Komitiyo inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja, ndiye kuti mwa amuna anai aliwonse mmodzi sanali kwao. Inanenanso mosabisa kuti midzi ikupasuka ndipo maukwati akutha, popeza ambiri mwa opitawo sankabweranso. Ameneŵa ndiwo machona. Ena anakwatira komweko, ena anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ndipo ena anaikidwa m'manda osadziŵika kwa abale ao.

Chifukwa cha ichi maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anapangana ku Salisbury mu 1936, ndipo anapangananso pambuyo pake, kuti wantchito azibwerera kwao pakatha zaka ziŵiri ndi kuti gawo la malipiro ake lizitumizidwa kumudzi. Apa tikuona kuti ngakhale Atsamunda, amene ankakondwera ndi msonkho wochokera ku maulendoŵa, anazindikira kuti mudzi wopanda amuna sungaime pa ndalama zokha.

Mpingo nawonso unatsatira ana ake. Mu 1912 Mbusa T. C. B. Vlok anachoka ku Nkhoma kupita ku Salisbury kukasonkhanitsa Akristu ochokera kuno, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare. Kumeneko munthu ankamva nyimbo m'chinenero chake, napeza anzake omuyendera akadwala ndi omuika akamwalira. Ambiri amene anasunga maukwati ao anathandizidwa ndi anzao otere, amene ankamufunsa munthu ngati walemba kalata kumudzi.

Katundu wa amai otsala

Tisakane, ndalama za kumigodi zinachita zabwino zambiri. Mwamuna ankafika ndi bokosi lachitsulo lodzaza mabulangete ndi nsalu, njinga, makina osokera, galamafoni kapena wailesi. Nyumba zambiri zoyamba za malata m'midzi mwathu zinamangidwa ndi ndalama zimenezo, ndipo ana ambiri amene anadzakhala aphunzitsi, anamwino ndi abusa fizi yao inachokera pansi pa mgodi. Koma walira mvula walira matope.

Ntchito zonse za mwamuna zinagwera mkazi: kuswa mphanje, kumanga nkhokwe, kufolera nyumba, kufuna msonkho ndi kulanga ana. Kumene anthu amatsata chikamwini, mai anali pakati pa abale ake ndipo malume wa ana ankathandiza. Kumene amatsata malobolo, mai ankatsala kwa apongozi, ndipo kuchoka kunali kovuta ngakhale zaka zipite popanda kalata. Kalata ikabwera, mai wosadziŵa kuŵerenga ankapita nayo kwa mphunzitsi, zinsinsi za banja nkumvedwa ndi munthu wapadera. Mwana ankabadwa, kuyamba kuyenda, mwina kumwalira kumene, bambo wake osamuona nkhope.

Chaka cha njala cha 1949 chinaulula zonsezi poyera. Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale amene anacheza ndi amai achikulire m'boma la Blantyre, anapeza kuti amai amene amuna ao ankatumiza ndalama anatha kugula chakudya, pamene osiyidwa opanda chithandizo ndiwo anavutika koposa pamodzi ndi ana ao. Pogaŵa chakudya boma linkayesa kuti mkazi wokwatiwa aliyense akudyetsedwa ndi mwamuna wake, choncho mai amene mwamuna wake anachona ankatha kubwezedwa wopanda kanthu.

Nanga midzi inaima bwanji? Inaima chifukwa amai sanalole kuti aliyense asenze yekha. Ankaitanirana dima, lero kulima kwa uyu maŵa kwa uje, atafulula thobwa. Ankasinja pamodzi pamtondo, kubwerekana mbeu, kulerana ana, kugona pa matenda ndi pa maliro. Pamene mabungwe a amai anayamba m'mipingo yathu, ntchito yoyendera odwala, amasiye ndi okalamba inapeza amai ozoloŵera kale kuthandizana. Ntchito imeneyi sinalembedwe m'buku la malipiro la kampani iliyonse, komatu popanda iyo mwamuna wobwera ndi bokosi lake sakadapeza mudzi woti afikiremo.

Ngozi ya ku Francistown

Kuyambira zaka za m'ma 1950 Wenela inayamba kunyamula anthu pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku Joni. Dziko litalandira ufulu mu 1964 chiŵerengero cha opita chinakwera kwambiri, ndipo pofika 1973 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Boma linkapeza ndalama zakunja zochuluka kudzera mwa iwo.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi oposa 70 anafera pomwepo. Anali pa ulendo wobwerera kwao atamaliza ntchito, akazi ndi ana akuŵayembekezera. Dr. H. Kamuzu Banda, amene iye mwini anagwirako ntchito kumgodi ali mnyamata, analetsa kulemba anthu, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera. Ambiri analoŵa ntchito m'minda ya fodya pa malipiro ochepa, ena anayamba kulima paokha. Kulemba kunayambanso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, kumene kunachokera mau akuti Theba, koma opita anali ochepa. Kunatheratu mu 1988 maboma aŵiriŵa atasemphana pa nkhani yoyeza magazi a antchito ngati ali ndi kachirombo ka HIV.

Panalinso imfa ina yosamveka phokoso. Fumbi la miyala ya golide limaloŵa m'mapapo ndi kuŵaumitsa pang'onopang'ono, ndipo munthu wotere amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu. Abambo ambiri anabwera akuoneka athanzi, koma patapita zaka anayamba kutsokomola ndi kulephera kugwira khasu. Wodwazika anali mai yemwe uja anadikira zaka zonsezo, ndipo njinga ndi makina aja zinagulitsidwa kuti apeze mankhwala. Khoti la ku South Africa linavomereza mu 2019 kuti makampani a golide apereke chipukutamisozi cha ndalama zokwana 5 biliyoni za Randi kwa odwala matendaŵa ndi maanja ao, koma ambiri mwa eni ake anali atagona kale.

Phunziro lathu lero

Theba inatha, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Ana athu, amuna ndi akazi omwe, akukwerabe mabasi kukagwira ntchito m'nyumba, m'masitolo ndi m'minda. Mu 2008 ndi 2015 ambiri anabwerera chimanjamanja pothaŵa zipolowe zolimbana ndi alendo, ndipo amene anaŵalandira ndi abale omwe aja anaŵasiya. Ena sanaoloke malire, koma geni kapena ntchito yaŵameza kotero kuti ana ao amaŵaona usiku wokha. Munthu angathe kuchona ali m'nyumba yake yomwe.

Mbiri iyi sikutiuza kuti kufuna ndalama nkolakwa. Agogo athu sanapite chifukwa cha dyera, anapita chifukwa cha msonkho ndi umphaŵi, monganso ana athu lero. Chimene ikutiphunzitsa nchakuti poŵerengera phindu tiziŵerengera zonse: ndalama zobwera, thanzi la wopitayo, ukwati wotsala, ndi ana okula opanda kholo. Maanja amene anapindula ndi Theba ndi aja mwamuna anapita ndi cholinga chodziŵika, nalemba makalata, natumiza chithandizo, nabwerera nthaŵi yake, mkazi naye nasunga bwino zotumizidwazo. Amene anangoti ndionjeze chaka chimodzi chokha, chaka chimodzicho chinasanduka moyo wonse.

Tsono mwana akatsanzika, tisamufunse za ndalama zokha ai. Tikhale naye pansi, timufunse chimene akukafuna, nthaŵi imene adzabwere, ndi amene atsale ndi ana ake. Lero kuli lamya ya m'manja, palibenso chifukwa choti mwezi uthe osamva mau a kholo. Mpongozi wotsala tisamuyese wolemera chifukwa chakuti mwamuna wake ali kunja; timuyendere, timuitane ku msonkhano, tidziŵe ngati m'nyumba mwake muli ufa. Wobwerera chimanjamanja tisamuseke, pakuti manyazi ndiwo anachonetsa ambiri. Ifenso amene tili pa geni ndi m'mabanki a m'khonde, tipatule tsiku la wodwala, la maliro ndi la ana athu, ngakhale tsiku limenelo malonda aime.

Amai otitsogolera analibe ndalama zambiri, koma anasunga midzi yonse mpaka amuna ao ndi ana ao atabwerera. Pamene tikukondwerera zaka za bungwe lathu, tiŵakumbukire ndi ulemu, ndipo tiyambe sabata lino kuyendera khomo limodzi limene mwini wake ali kutali.