Kakonzedwe ka makina oziziritsa mpweya ndi madzi chilimwe chisanafike pachimake

Makina oziziritsa mpweya pogwiritsa ntchito madzi, amene m'masitolo amawatchula kuti air cooler, amathandiza kwambiri kuyambira Seputembala mpaka Novembala, pamene kunja kumatentha koma mpweya uli wouma. Komabe makina amene akhala miyezi ingapo osayatsidwa amafunika kuwasamalira kaye, apo ayi amangouzira mpweya wofunda ndiponso wonunkha.

Mmene amagwirira ntchito

Nzeru yake ndi yomwe ija ya mtsuko wadothi. Madzi akamasanduka nthunzi amachotsa kutentha pa zinthu zowazungulira, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira. M'makinawa pampu imakoka madzi m'thanki n'kumanyowetsa zisa, zomwe ndi timakoma ta pepala lolimba tokhala ndi timabowo ngati zisa za njuchi. Fani imakoka mpweya wotentha kudzera m'zisazo ndipo umatuluka utazizira. Unduna woona za mphamvu ku America umati makinawa amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi amene air conditioner ya nyumba yonse imadya.

Choncho mphamvu ya makinawa yagona pa zisa zonyowa bwino, ndipo kukonza konse kumalinga pamenepo.

Zoyenera kuchita

Choyamba ndi kuzula pulagi pakhoma, popeza madzi ndi magetsi sizikhalira pamodzi. Nthambo yosupuka kapena yodyedwa ndi makoswe isinthidwe ndi munthu wodziwa zamagetsi.

Kenako thanki itsukidwe kuchotsa matope, ndere ndi zoyera zolimba zimene madzi amasiya akauma. Zoyerazi zimachuluka kumene anthu amagwiritsa ntchito madzi a pamjigo okhala ndi mchere wambiri, monga m'madera ena a m'chigwa cha Shire. Viniga wosakaniza ndi madzi amazifewetsa, kenaka thankiyo itsukuluzidwe ndi madzi oyera.

Zisa zichotsedwe ndi kutsukidwa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, chifukwa madzi amphamvu kapena bulashi yolimba zimang'amba pepalalo. Zisa zimene zafumbwa, zaphwasuka kapena zatsekeka timabowo zisinthidwe. Za pepala zimatha zaka zingapo, koma makina ena amakhala ndi zisa za tizidutswa topyapyala ta matabwa, zomwe zimafunika zatsopano chaka chilichonse.

Pampu ndi timapaipi topititsa madzi pamwamba ziyeretsedwenso. Poyesa, pampu iyatsidwe yokha kwa mphindi zisanu fani isanayatsidwe, kuti zioneke ngati zisa zanyowa paliponse. Malo otsala ouma amasonyeza kuti kabowo kena katsekeka, ndipo mpweya wotentha umadutsira pomwepo. Makina akuluakulu a padenga, ofala ku Australia ndi kumwera chakumadzulo kwa America, amafunikanso kuona ngati lamba wa fani sanathe kapena kukhwepa.

Ukhondo wa madzi

Madzi okhalitsa m'thanki ndi chiopsezo pa moyo. Udzudzu umatha kukula kuchoka pa dzira mpaka kuuluka m'masiku 7 mpaka 10. Mumzinda wa Delhi ku India, kumene makinawa ndi ofala, akuluakulu a zaumoyo amayendera nyumba ndi kulangiza anthu kukhuthula ndi kuumitsa mathanki sabata iliyonse pofuna kupewa matenda a dengue. Tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswananso m'madzi osayenda otentha madigiri 20 mpaka 45. Kusintha madzi pafupipafupi ndiye chitetezo chosalira ndalama.

Malo oikapo ndi nthawi yosiya

Makinawa aikidwe pafupi ndi zenera lotsekula kuti azikoka mpweya wouma wakunja, ndipo zenera lina kapena chitseko chikhale chotsekula kuti mpweya wachinyontho uzituluka. M'chipinda chotsekedwa paliponse chinyontho chimachuluka, kuzizira kumatha, ndipo nkhungu imayamba kugwira makoma ndi zovala.

Mvula ikayamba, mpweya umakhala kale ndi chinyontho chambiri moti madzi sauma msanga, ndipo makinawa sasiyana kwenikweni ndi fani wamba. Imeneyo ndiyo nthawi yokhuthula thanki, kuyatsa fani yokha mpaka zisa ziume, ndi kuwaphimba makinawo podikira chilimwe china.