Kodi poliyo inathadi? Mbiri ya katemera wa ana m'Malawi

Ambiri amati poliyo ndi matenda amakedzana, choncho mayi akaphonya tsiku la sikelo palibe chodetsa nkhawa. Mbiri ya katemera m'dziko muno ikutsutsa maganizo amenewa. Kalelo nkhondo yaikulu inali ya nthomba. Ndondomeko yotemera ana mokhazikika inayamba mu 1979, kulimbana ndi chikuku, poliyo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima ndi chifuwa chachikulu. Alangizi a zaumoyo ankayenda wapansi kapena pa njinga, kukhazika sikelo pansi pa mtengo. Mu 1992, ana 234 mwa 1,000 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Masikito ndi mankhwala a edzi anathandizanso, koma katemera ndiye anali msana wa ntchitoyi.

Kupambanako ndi kumene kunatigoneka tulo. Poliyo yachilengedwe inaoneka komaliza kuno mu 1992, ndipo mu Ogasiti 2020 bungwe la WHO linalengeza kuti yatha mu Africa. Makolo achinyamata anakula osaonapo mwana wokwawa chifukwa cha matendawa, ndiye mantha anachoka. Mphekesera za nthawi ya Covid-19, mitunda italiitali yopita kuchipatala ndi zikhulupiriro zina zoletsa mankhwala zinasiya ana ena osamaliza katemera. Mu Novembala 2021 kamtsikana ka zaka zitatu ku Lilongwe kanapuwala ziwalo, ndipo mu Febuluwale 2022 zinatsimikizika kuti ndi poliyo, ya mtundu wofanana ndi wa ku Pakistan. Kuyambira Malichi chaka chomwecho, otemera anayenda khomo ndi khomo kudontheza madontho awiri m'kamwa mwa ana mamiliyoni m'Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia. Ku Tete, m'dziko la Mozambique, nakonso kunapezeka ana odwala, ndipo mliriwu unalengezedwa kuti watha mu Meyi 2024.

Ena anena kuti kachilomboka kanachokera kunja, ndiye mlandu si wathu. N'zoona kanadutsa malire, koma kachilombo ka poliyo kamafalikira makamaka pamene pali ana osatetezedwa. Enanso amadandaula kuti katemera wachuluka, poti tinawonjezera wa chibayo mu 2011, wa kutsekula m'mimba mu 2012 ndi wa malungo mu 2019. Komatu matenda amenewa ndi omwe akhala akudzaza manda a ana m'midzi mwathu. Poliyo ilibe mankhwala ochiza. Mwendo ukapuwala, wapuwala. Makolo, tsegulani buku la kusikelo la mwana wanu lero, ndipo ngati pali katemera wotsala, pitani naye akalandire.