N'chifukwa chiyani anthu a m'mavidiyo akale amaoneka onenepa?

Mukaika DVD yakale ya ngoma kapena ya ukwati pa TV ya masiku ano, mudzaona kuti aliyense wanenepa, chishango chatambasuka, ndipo mwezi wasanduka dzira. Vuto si kamera ayi. Nkhaniyi ili ndi mbiri yake.

Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Nthawi imeneyo pafupifupi ma TV onse anali a chimsana aja, ndipo sikirini yake inali ya muyeso wa 4:3, kutanthauza magawo 4 chopingasa, 3 chokwera. Makamera a TVM ndi a ojambula maukwati ankatsata muyeso womwewo, m'dongosolo la PAL la mizere 576 yooneka.

Ku makompyuta zinali zovutirapo. Mu 1981 IBM inatulutsa CGA, yomwe inkajambula chithunzi ndi timadontho 320 chopingasa ndi 200 chokwera. VGA ya mu 1987 inasunga muyesowu, ndipo masewera ngati Doom a mu 1993 anaugwiritsa ntchito. Tawerengani nokha: 320 kugawa ndi 200 ndi 1.6, pomwe 4 kugawa ndi 3 ndi 1.33. Ndiye chithunzicho chinkadzaza bwanji sikirini? Monita ya chimsana inalibe timadontho tokhazikika. Inkangotalikitsa mizere mpata, choncho kadontho kalikonse kankatalika ka 1.2 kuposa kufupika kwake. Ojambula ankadziwa zimenezi, ndipo ankajambula moganizira kutalikako.

Sikirini zopyapyala za lero n'zosiyana. Timadontho take n'tofanana mbali zonse ndipo sitisuntha. Zambiri ndi za 16:9, monga 1920 ndi 1080. Zikalandira chithunzi chakale zimachita chimodzi mwa zitatu. Zina zimachikoka kuti chidzaze ponse, ndiye munthu amanenepa ndi gawo limodzi mwa atatu. Zina zimachikuza n'kudula m'mwamba ndi m'munsi, apa nthenga za kumutu kwa ovina zimatayika. Zina zimachisiya pa 1440 ndi 1080, ndi mizere yakuda ya timadontho 240 mbali iliyonse. Njira yachitatuyi ndiyo yoona, ngakhale kuno ku Biriwiri ambiri akaona mizere yakudayo amati TV yawonongeka!

Kwa aphunzitsi anzanga a History, iyi si nkhani yaing'ono. Vidiyo ndi umboni, monga kalata yakale. Mwana akaona agogo ake akuvina ngoma ali otambasuka, waona chinthu chomwe sichinakhaleko. Choipa kwambiri ndi posamutsa tepi kapena DVD kupita pa flash: chithunzi chikasungidwa chokokedwa kapena chodulidwa, tepi n'kutayidwa, chodulidwacho sichibweranso.

Choncho pa rimoti funani batani lolembedwa Aspect kapena Picture Size, musankhe 4:3. Ndipo amene akukusamutsirani tepi muwauze asanayambe kuti mizere yakudayo aisiye.