Anaumba Njerwa Ndani?

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kudzera pa Liwonde kukafika ku Balaka, akapatuka pang'ono kulowa m'midzi, amapeza chinthu chimodzi pa sukulu zambiri za pulayimale. Kuseri kwa midadada yatsopano kwaima kanyumba kakale ka njerwa zofiira, mawindo ang'onoang'ono, malata adzimbiri, mwina denga linasasuka kalekale. Mumagona mbuzi. Kawirikawiri kanyumbako ndiko kanali sukulu yoyamba pamalopo, ndipo anakamanga ndi eni mudzi. Nanga bwanji lero kukonza kwake kumavuta chotere, chonsecho zidzukulu za omangawo zili pomwepo?

Sukulu kuderali inadza ndi amishoni. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama m'chaka cha 1901, anatsikira kuchigwa nakhazikitsa mishoni ya Utale m'chaka cha 1908, ndipo Aangilikani anali mbali ya ku Malosa ndi Likwenu. Mishoni inkatumiza mphunzitsi, bolodi ndi masileti basi. Nyumba inali ya anthu. Abambo ankadula mitengo, amayi ankamweta udzu ndi kuzira pansi, ndipo chiswe chikadya nsanamira ankaimikanso zina. Boma la atsamunda linachedwa kulowapo, pakuti Dipatimenti ya Maphunziro inayamba m'chaka cha 1926.

Komatu si mudzi uliwonse umene unailandira sukuluyo. M'madera a mafumu a Chiyao monga Kawinga, Liwonde ndi Kalembo, makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kuti mwana akapita kukaphunzira A, B, C abwerako atabatizidwa, dzina lasintha. Ena amati anthuwa ankadana ndi maphunziro. Ine ndikukana. Anthu omwewo ankamanga okha mizikiti ndi madarasa, namafolera chaka ndi chaka popanda wowalamula. Chimene ankakana ndi kusenza denga la nyumba ya mwini.

Apa mpamene pagona nkhani. Mawu akuti thangata kale ankatanthauza kuthandizana: lero tilima kwako, mawa kwanga. Azungu a m'maesiteti a ku Zomba, Chiradzulu ndi Thyolo anawasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, mpaka anakhala chimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe m'chaka cha 1915. Thangata anathetsedwa m'chaka cha 1962, koma mawuwo anatsala ndi fungo lake.

Ufulu utabwera m'chaka cha 1964, boma la Dr Banda linalimbikitsa ntchito zodzithandiza, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunayamba Sabata ya Achinyamata. Tisabise, midadada yambiri ya njerwa zowotcha imene tikuiona yakalamba lero, m'boma limene linkatchedwa Kasupe lisanakhale Machinga, inamangidwa m'nyengo imeneyo, ndipo ina ndi yolimba kuposa ya dzana. Koma funsani agogo anu mmene ankapitira kokaumba njerwa. Kumbuyo kunali ayufi a malaya ofiira ndi apayoniya. Wojomba ankatchedwa woukira. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga unkanenedwa pamsonkhano uliwonse, koma mituyo sinkafunsidwa ngati ikufuna kusenza.

Tsono matipate atapambana m'chaka cha 1993, Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, nalowa m'boma mu 1994, anthu anataya zonse pamodzi, mankhusu ndi mphale yomwe. Pamisonkhano ya ndale ntchito yodzithandiza inkatchedwa thangata, ndipo m'midzi anthu anamva msanga. Tsoka lake, chaka chomwecho ndi pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Nthawi imene zipinda zinkafunika koposa ndiyo imene manja anapindidwa, ndipo makalasi anasamukira pansi pa mibawa ndi malambe. "Sukulu ndi ya boma," anthu ankatero, "boma likonze."

MASAF, imene inayamba m'chaka cha 1995 ndi ngongole ya World Bank, inayesa kubweza mtima wakale. Mudzi unkasonkha njerwa, mchenga ndi miyala, thumbalo linkapereka simenti, malata ndi malipiro a amisiri. Midadada inamera ndithu, ngakhale ku Balaka, imene inakhala boma palokha mu 1998. Koma maso a onse anali pa zatsopano. Mdadada watsopano umatsegulidwa ndi nduna, pamakhala magule, pakhoma amalembapo dzina la wopereka. Kukhoma malata pa chipinda cha 1972 sikuitana wojambula aliyense, ndipo sindikhulupirira kuti kumabweretsa mavoti.

Masiku ano zinthu zapotokanso. Kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma, kaamba ka kutha kwa mitengo, ndipo amene waona mmene nkhalango ya Liwonde yayerera sangatsutse. Koma taonani: chopereka chachikulu cha munthu wakumudzi, kuyambira nthawi ya Kamuzu, chinali uvuni wa njerwa. Buloko wa simenti sangamuumbe ndi dothi la kudambo. Akhala woonerera kontirakitala.

Pa nyumba yakale m'pamene manja ake akadali ndi ntchito. Njerwa zake zinapsa kale, sizifunanso nkhuni. Chofunika ndi kuchotsa mitanda yofumbwa, kumata ming'alu, kukumba ngalande kuti madzi asadye maziko, kumanga denga ndi waya kuti mphepo ngati ya namondwe Freddy wa mu 2023 isalinyamule. Zonsezi mmisiri wa m'mudzi amazitha, amayi natuta mchenga wa mu Rivirivi kapena mumtsinje uliwonse wapafupi. Kumene makomiti a sukulu achita zotere, kawirikawiri amayamba ndi kuitana akuluakulu amene anaphunzira m'chipindamo, ndipo a nyakwawa salamula koma kupempha, pakuti akangokweza mawu wina kumbuyo amafunsa ngati thangata wabweranso.

Ife a mbiri pano pa koleji tili ndi mayina a abambo mfumu ndi a ma DC onse. Mayina a oumba njerwa sali m'mafayilo a ku National Archives, pamtunda pompa. Ali m'mitu ya agogo a kwa Nsanama, Ntaja, Ulongwe ndi Phalula, ndipo ambiri a iwo apitirira zaka 70.