Lamulo la Boyle, kapena la Mariotte?

Aphunzitsi anzanga, mabuku a Chipwitikizi amati "lei de Boyle-Mariotte", pamene a Chingelezi amangotchula Boyle yekha. Mwana watcheru akakufunsani kuti mwini wake weniweni ndani, mudzamuyankha chiyani?

Nkhaniyi inayamba ndi mkangano. Mu 1660 Robert Boyle, mbadwa ya ku Ireland imene inkagwira ntchito ku Oxford, anasindikiza buku lonena za zimene anapeza ndi pampu yokoka mpweya imene Robert Hooke anamupangira. Iye anati mpweya uli ngati sipuling'i: ukaupanikiza umabwezera. Wansembe wina wachiJesuit, Franciscus Linus, anatsutsa. Iye ankati mekyule imene imaima m'chubu chagalasi siikankhidwa ndi mpweya ayi, koma imakokedwa ndi kachingwe kosaoneka ndi maso.

Boyle sanangoyankha ndi pakamwa. Anatenga chubu chagalasi chopindika ngati chilembo cha J, chotseka kumbali yaifupi, n'kuthiramo mekyule kuti mpweya utsekeredwe kumbali yotsekayo. Chubucho chinali chachitali moti sichinakwane m'chipinda, ndiye anachiimika pamasitepe, wina akuthira mekyule kumtunda, wina akuwerenga miyeso pansi. Poyamba mpweya unkatenga malo a miyeso 48, ukupanikizidwa ndi mphamvu yofanana ndi mainchesi 29 a mekyule. Mphamvuyo itafika pa 58, mpweya unatsala pa miyeso 24. Itafika pa 117, unatsala pa 12. Kupanikiza kukawirikiza kawiri, malo amatsala theka. Kachingwe ka Linus sikakanatha kufotokoza zimenezi. Boyle anasindikiza manambalawa mu 1662, ndipo anavomereza kuti Richard Towneley anali ataganizapo kale za mgwirizano wotere.

Nanga Mariotte? Edme Mariotte, wansembe wa ku France, anafalitsa lamulo lomweli cha m'ma 1670, n'kutsindika mfundo imene Boyle sanaiike patsogolo, yakuti lamuloli limagwira pokhapokha kutentha kusanasinthe. Ineyo ndimaona kuti dzina lake silinalowe m'mabuku mwachinyengo. Yesani kutseka kukamwa kwa pampu ya njinga ndi chala n'kupopa mofulumira, mumva pampuyo ikutentha, ndipo pamenepo manambala a Boyle sakwaniranso bwino.

Za kutenthazo zinatenga zaka zoposa 100 kuti ziyezedwe bwino. Jacques Charles, amene mu December 1783 anauluka pamwamba pa Paris m'chibaluni cha mpweya wa haidirojeni, anaona cha m'ma 1787 kuti mipweya yosiyanasiyana imafufuma mofanana ikatenthedwa. Sanasindikize kanthu. Joseph Louis Gay-Lussac ndiye anayeza mosamala n'kufalitsa mu 1802, koma anatchula Charles, ndipo dzina la munthu amene sanasindikize kalikonse linakakamira pa lamulolo. Gay-Lussac anapeza kuti pa digiri iliyonse mpweya umawonjezera gawo limodzi mwa magawo 267 a malo amene umatenga pa 0 °C. Anaphonya pang'ono, nambala yolondola ndi 273. Émile Clapeyron anamanga malamulowa pamodzi mu 1834, ndipo mu 1848 William Thomson, amene anadzatchedwa Lord Kelvin, anakhazikitsa muyeso wa kutentha woyambira pa −273 °C.

Ife amene timatuluka thukuta posaka mawu a Chinyanja a "pressão" ndi "volume" tizindikire kuti Boyle nayenso anabwereka sipuling'i pofuna kutchula chinthu chimene anthu anali asanachizolowere. Ngakhale liwu lakuti "gás" linachita kupekedwa: Jan Baptist van Helmont, sing'anga wa ku Brussels, analiumba kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chipwirikiti. Ife liwu lathu la mpweya limanyamula zonse, womwe timapuma, wa m'tayala, ngakhale wa m'chibaluni cha Charles, ndipo m'kalasi tiyenera kuwauza ana kuti tikunena uti.