Usiku umene mfiti zinkavina pa phiri la Brocken

Senderani pafupi, adzukulu anga, ndikuuzeni za makolo a anthu a ku Germany. Musamayese kuti kuopa mfiti n'kwathu kokha.

Kumeneko kuli mapiri a Harz. Lalitali mwa onsewo ndi Brocken, la mamita 1,141, ndipo nsonga yake imakhalira kukutidwa ndi nkhungu. Akale ankati usiku wa pa 30 Epulo, chisanu chikamatha, mfiti zinkadzola mankhwala n'kukwera matsache ndi atonde, ulendo wa kuphiriko kukavina ndi Satana mpaka tambala woyamba. Kuno timati zimauluka pa lichero, iwo ankati pa tsache.

Ndiye dzuwa likapendeka, mudzi wonse unkachita pikitipikiti. Azibambo ankasonkha chimoto pazitunda, anyamata akuliza zikoti, mabelu a kutchalitchi ali ngwe! ngwe! kuti mfiti zithawe phokoso. Amayi ankalemba mitanda itatu ndi choko pachitseko cha nyumba ndi cha khola, poopa kuti ng'ombe zingaume mkaka. Tsache ankalibisa, kuti mfiti ingalitenge.

Usikuwo anautcha Walpurgisnacht, kutengera dzina la Walpurga, sisitere wochokera ku England amene anatsogolera nyumba ya masisitere ku Heidenheim m'zaka za m'ma 700. Mayiyu sanali mfiti ayi. Tsiku lomukumbukira linali 1 Meyi, ndipo anthu ankamupempha kuti awatchinjirize ku matenda ndi ufiti.

Koma mantha amenewa anadya anthu. M'mizinda ya Würzburg ndi Bamberg, pakati pa 1626 ndi 1631, anthu mazanamazana anaphedwa n'kutenthedwa. Munthu ankazunzidwa mpaka avomere kuti ndi mfiti, kenako ankamuumiriza kutchula amene ankavina nawo. Wotchulidwayo, ululu ukamukulira, ankatchulanso ena. Amayi, ansembe, ngakhale ana, onse anapita.

Lero ku Thale ndi ku Schierke, m'mapiri a Harz aja, usikuwo unasanduka chisangalalo. Anthu amavala zisoti zosongoka ndi mphuno zabodza, n'kumavina mozungulira moto tsache lili m'manja, ana akufa nacho chiseko. Zidzukulu za owotcha ndi za owotchedwa zimavinira limodzi.

Tsono inu, mukadzamva wina akuloza chala nkhalamba ya maso ofiira chifukwa cha utsi wa m'khitchini, akuti ndiyo yalodza mwana, mudzakumbukire Würzburg. Musadzatole mwala.